Gemu ya ku Chipoka adzapanga ndani?

Dzuwa likapendeka ku Chipoka, gombe limadzuka. Asodzi akukankhira maboti m'madzi, ena akupukuta nyali, ena akupinda chilimira kuti chisakodane usiku. Amayi akuola usipa pa thandala mdima usanagwe. Fungo la nsomba lafika mpaka kumsewu wa M5.

Chakumsika, m'kanyumba kena ka malata, muli anthu amene sakudziwa n'komwe kuti kunja kukuda.

Pakhomo pali nsalu m'malo mwa chitseko. Mukangoikankha, chimene chimakulandirani ndi kutentha ndi phokoso. TV ili pa tebulo, pansi pake pali PlayStation yakalekale, fumbi lili mbuu. Mapadi ndi awiri. Imodzi anaimanga ndi selotepi, ndipo mabatani ake anafufutika kale chifukwa chodinidwa ndi zala zambirimbiri.

Akusewera ndi anyamata awiri okha. Ena onse, amene adzaza mabenchi mpaka kutsamira khoma, ndi makochi.

"Pasa iwe! Pasa!"

"Menya!"

Mpira wakhudza ukonde, kanyumba konse kagwedezeka. Woluza akupereka padi kwa mnzake amene wakhala akufumbata ndalama yake kuyambira kalekale, mpaka yanyowa ndi thukuta.

Yagoletsa ndi Real Madrid. Yagoletsedwa ndi Arsenal. Woulutsa mpirawo akulankhula Chingerezi cha ku England, ndipo ana ena akumutsanzira mawu ndi mawu ngakhale sakumva tanthauzo lake.

Kenaka magetsi athima. Mdima bii.

Anyamata akutuluka mong'ung'udza. Chapafupi, pansi pa mtengo wa mango, madala awiri ali pa bawo, njere zikulira gobede gobede m'maenje. Iwowa za magetsi alibe nazo ntchito. Kamnyamata kamene kanali kukuwa kwambiri m'kanyumba muja kaima kumbuyo kwa mkulu mmodzi, maso ali pa thabwa, milomo ikuwerenga chamumtima. Mkuluyo asanatole njere, iko kaona kale pamene adyere.

Ndinamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Masewera onse awiri amawadziwa bwino. Bawo anafika kuno kudzera m'njira zakale za malonda za Aswahili ndi Ayao, ndipo anakhazikika mpaka kusanduka wathu. Mpira wa pa sikirini uja amaupanga ku Canada.

Nanga gemu yonena za iye, za nyanja yake, m'chilankhulo chake, adzaipanga ndani?

Zachilendo zimalowera pano

Chipoka si mudzi wobisika. Njanji yochokera ku Blantyre inadutsa pano n'kukafika ku Salima mu 1935, ndipo doko la pano ndi lokhalo pa nyanja ya Malawi pamene njanji imakumana ndi madzi. Akuluakulu amakumbukira Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951, ikukocheza anthu akutsika ndi mitolo ndi nkhani za kumpoto. Zachilendo zakhala zikulowera pano kuyambira kale.

Masiku ano zimalowa pa memori khadi.

Mnyamata amene amabena nyimbo ndi mafilimu pa kompyuta yake kumsika amabenanso magemu. Amene ali ndi foni ya Itel kapena Tecno amangogawana pa Xender, osawononga bandulo. Mukasuzumira m'mafoni a achinyamata mupeza mayina omwewo: Dream League Soccer yochokera ku England, Subway Surfers ya ku Denmark, Temple Run ya ku America. Ngakhale mayi wogulitsa tomato, makasitomala akasowa, amaswa maswiti pa Candy Crush.

Mpira wa pa PlayStation aliyense amautchabe FIFA, ngakhale kampani ya EA inasiya dzinali mu 2023 n'kuyamba kuutcha EA Sports FC. Mkati mwake muli ligi ya ku England, ya ku Spain, ngakhale ya ku Saudi Arabia. Ligi yathu mulibe. Wosapota Maule kapena Manoma akagwira padi amakakamizika kubwereka timu ya eni.

Koma ana sagonja msanga. Pa Dream League ena amasintha dzina la timu yawo, n'kusankha yunifomu yofiira kapena yabuluu, mpaka timuyo ioneke ngati ya kwathu. Amathera ola lathunthu akukonza zimenezi, mpira osasewera.

Ambiri angati n'kutaya nthawi. Ine ndikuona mwana amene wayamba kufunsa funso limene opanga magemu onse anayambira: bwanji nditasintha apa?

Anyamata awiri a ku Wits

Yankho la funso la ku Chipoka lili ndi chitsanzo chapafupi, ku Johannesburg, mzinda umene mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja ali ndi m'bale wawo.

Mu 2012 yunivesite ya Witwatersrand, imene anthu amangoti Wits, inayamba kuphunzitsa kapangidwe ka magemu ngati digiri yeniyeni. M'kalasi imodzi anaikamo ophunzira a mitundu iwiri: a zaluso, odziwa kujambula ndi kulemba nkhani, ndi a zauinjiniya, odziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta.

Pakati pa ophunzira a kumeneko panali Ben Myres ndi Cukia Kimani, mnyamata wochokera ku Kenya. M'chaka chawo chomaliza, 2015, anafunika kupanga gemu ngati pulojekiti ya mayeso. Ganizo lawo linali losavuta kulifotokoza. M'magemu ambiri odumphadumpha, nthaka ndi makoma n'zolimba, wosewera amangozizungulira. Iwo anati: bwanji dziko lonse likhale lofewa ngati dothi loumbira mbiya? Khoma likakutchinga, uliwombe ndi mutu lipindike. Pamwamba pakatalika, ukankhe nthaka itukuke, ukwerepo.

Mayeso atatha, sanaitaye m'kabati. Anayambitsa kampani yaing'ono n'kuitcha Nyamakop. Mawu oyambawo ndi nyama yomweyi tikuidziwa, achiwiriwo ndi mutu m'Chiafrikaans. Anagwira ntchito zaka zina zitatu, akuyenda m'zionetsero za magemu kunja kufunafuna wowathandiza ndalama, mpaka anapeza kampani yofalitsa magemu ya Good Shepherd Entertainment.

Mu Julayi 2018 gemuyo inatuluka ndi dzina loti Semblance, pa makompyuta ndi pa Nintendo Switch. Inali gemu yoyamba yopangidwa ku South Africa kufika pa makina a Nintendo.

Inayambira pa desiki ya mwana wa sukulu.

Kampaniyo ikadalipo. Mu 2025 inalengeza gemu ina, Relooted, imene wosewera amatsogolera gulu lokalanda zinthu zakale za mu Africa zosungidwa m'nyumba zoonetsera zakale za kunja, kuti zibwerere kwawo. Zinthu zimene zili m'gemuyo n'zenizeni, zimene zinatengedwadi nthawi ya atsamunda. Nkhani imene akuluakulu amakambirana m'misonkhano ya maiko, achinyamatawa aiika m'manja mwa mwana wogwira padi.

Ku America zoterezi zinachitika kale. Mu 2005 ophunzira a pa koleji ya DigiPen, mumzinda wa Redmond, anapanga kagemu kotchedwa Narbacular Drop, kamene munthu amaboola makomo awiri pakhoma, kulowa lina n'kutulukira linalo. Mkulu wa kampani ya Valve, Gabe Newell, atakaona, analemba ntchito gulu lonselo. Mu 2007 anatulutsa Portal, imodzi mwa magemu otchuka kwambiri padziko. Wina mwa otsogolera gululo anali mtsikana, Kim Swift. Ndikutchula zimenezi dala, chifukwa m'kanyumba ka ku Chipoka kaja munalibe mtsikana ndi mmodzi yemwe. Atsikana anali kumjigo ndi kukhitchini.

Outer Wilds nayo, imene inapata mphoto ya BAFTA ya gemu yopambana zonse mu 2020, inayamba ngati ntchito ya digiri ya Alex Beachum pa University of Southern California.

Amaphunzira chiyani kwenikweni?

Makolo ambiri akamva zoti mwana akuphunzira magemu ku koleji, amaganiza kuti fizi ikupita m'madzi, mwana akungokhalira kusewera. Zoona zake n'zosiyana kwambiri.

Ku Wits ndi m'makoleji ena ambiri, wophunzira sayambira pa kompyuta. Amayambira pa pepala, makatoni, timiyala ndi madayisi. Amauzidwa kuti apange masewera a pa tebulo okhala ndi malamulo omveka: wopambana amadziwika bwanji, wosewera ali ndi zisankho zingati, n'chiyani chimene chingamupangitse kufuna kubwerezanso.

Akatero amapereka masewerawo kwa anzake, iye n'kukhala chete pambali.

Apa ndi pamene pali ululu. Ntchito imene wachezera usiku sabata zitatu, mnzako amaiyesa mphindi zisanu n'kuyamba kuyasamula. Kapena amapeza kachinyengo kamene iwe sunakaganizire, n'kumangopambana nthawi zonse. Sumuuza kuti wasewera molakwa. Umalemba zimene waona, n'kubwerera kukakonza malamulo. Mawa uyesenso. Mkuja uyesenso.

Pambuyo pake m'pamene kompyuta imalowa. Wina alembe pulogalamu yoti munthu wa pa sikirini akadumpha agwe monga mmene chinthu chimagwera, ndipo apa masamu ndi fizikisi ya ku sekondale zimabwerera zonse. Wina ajambule anthu, mitengo ndi madzi. Wina akonze nyimbo ndi timaphokoso, kulira kwa phazi pa mchenga, kuwomba kwa funde pa bwato. Wina alembe nkhani. Wina asunge kalendala, chifukwa tsiku lopereka ntchito silisuntha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa ntchito iyi mwambiwu suchita kufuna kumasulira.

Wotuluka m'maphunziro otere amadziwa kulemba mapulogalamu, kugwira ntchito pagulu, kumvera wogwiritsa ntchito chinthu chake ndi kumaliza zimene wayamba. Ngakhale atapanda kugulitsa gemu ndi imodzi yomwe, banki, kampani ya mafoni kapena bungwe la zaumoyo lingamulembe ntchito mosakayika.

Tsopano bwererani pansi pa mtengo wa mango paja.

Thabwa la bawo lili ndi mizere 4 ya maenje 8, onse pamodzi 32, ndipo njere zake ndi 64. Palibe dayisi, palibe mwayi. Pali kuwerenga, kutchera msampha, kudziwa nthawi yotakata ndi nthawi yodya. Malamulo ake anasulidwa ndi mibadwo ya osewera mpaka anakwanira ndendende. Zimene wophunzira wa ku Johannesburg amavutika nazo chaka choyamba, kamnyamata kaja kakuziona tsiku lililonse kwaulere.

A ku Ethiopia anazindikira zimenezi. Kampani ya Qene Games ya ku Addis Ababa, imene anayambitsa Dawit Abraham ndi anzake, inatenga gebeta, m'bale wake wa bawo ndi ntchuwa, n'kumuika pa foni mu 2020. Izi zisanachitike, mu 2018, anali atatulutsa Kukulu, gemu ya nkhuku imene ikuthawa mwini wake kuti isaphedwe, ikudumpha mipanda ndi ziwiya za pamudzi wa Chiitopiya.

Nkhuku yothawa mpeni alendo akabwera. Ndi mwana uti wa ku Chipoka amene sanaithamangitsepo?

Nyanja yodzaza ndi magemu

Usiku umene magetsi anathima uja ndinakhala pagombe kuyang'ana nyali za asodzi zitandandalika pamadzi ngati mzinda woyandama. Munthu wofuna nkhani ya gemu safunika kupita patali kuposa apa.

Taganizirani ntchito ya siginala. Ali m'kabwato kake ndi nyali, akuitana usipa kuti usonkhane pansi pa kuwala. Ayenera kuwerenga madzi mumdima, adziwe kuti nsomba zakwana liti, ndipo apereke chizindikiro pa nthawi yake kuti anzake azungulize chilimira. Akafulumira, ukonde utuluka wopepuka. Akachedwa, usipa wabalalika. Mwezi ukawala kwambiri nyali zake zimachepa mphamvu. Mwera ukayamba, m'miyezi yozizira ija, funso limakhala lina: tipitirize kapena tithawire kumtunda? Mafuta a injini agulidwa pa ngongole, ndipo m'mawa pagombe pakudikira ogula amene mtengo wawo umatsika nsomba zikachuluka.

Chisankho chili pamwamba pa chisankho, ndipo chilichonse chili ndi mtengo wake. Opanga magemu amasowa tulo kufunafuna zinthu zotere.

Kumpoto kwa boma lomweli la Salima kuli chilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira. Kuyambira m'ma 1950 mafumu a kumeneko akhala akutseka chilumbachi m'nyengo ya mvula, cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Mowa ndi njuga n'zoletsedwa pachilumbapo, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Akatswiri a zausodzi ochokera kunja amabwera kudzaphunzira chifukwa chake utaka wa ku Mbenji sunathe pamene malo ena ukusowa.

Ikani mwana pa mpando wa mfumu m'gemu. Asodzi akudandaula njala, akupempha kuti atsegule msanga. Akalola, chaka chino onse asangalala, chaka chamawa maukonde atuluka opanda kanthu. Akakana, ena akaba usiku. Mwana amene wasewera zimenezi katatu n'kuona nyanja yake ikuuma nsomba pa sikirini sadzafunanso kuuzidwa chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka mu Novembala ndi Disembala.

Palinso sitima yonyamula katundu imene iyenera kukocheza padoko madzi atatsika. Pali madzi amene anakwera mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Pali mbuna za mitundumitundu kuzungulira zilumba za Maleri. Pali Kalulu ndi Fisi, pali phada, fulaye ndi nguli. Pali wa kabaza wothamangira basi pa M5, dengu la usipa lili kumbuyo.

Chenjezo limodzi lokha. Wina adzathamangira kuika Gule Wamkulu m'gemu chifukwa zilombo zimakopa maso a alendo. Za kudambwe zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Wophunzira wanzeru adzayamba wakhala pansi ndi mafumu, ndipo akauzidwa kuti apa ayi, adzamva.

Nanga chikutchinga n'chiyani?

Achinyamata odziwa kompyuta m'dziko muno alipo. University of Malawi ku Zomba imaphunzitsa sayansi ya makompyuta. MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, Mzuzu University ndi NACIT, onsewa chaka ndi chaka amatulutsa anyamata ndi atsikana olemba mapulogalamu. Ku Lilongwe kuli mHub, imene anayambitsa Rachel Sibande, kumene ana ndi atsikana akhala akuphunzira ntchitoyi. Ku Mzuzu kuli Mzuzu E-Hub.

Zida zopangira magemu nazo sizilinso za olemera okha. Godot ndi yaulere. Blender, yojambulira zinthu zooneka ngati zogwirika, ndi yaulere. Unity salipiritsa wongoyamba kumene. Mwana wa pulaimale angayambe ndi Scratch, imene inapangidwa ku MIT.

Koma mufunseni wophunzira wa chaka chomaliza kuti pulojekiti yake ndi yotani. Kawirikawiri mudzamva za pulogalamu yosungira mayina a odwala, yowerengera katundu m'sitolo, yolembera fizi. N'zofunika, palibe akutsutsa. Vuto n'lakuti wophunzira amasankha zimenezi chifukwa akudziwa kuti n'zimene zimaoneka zaulemu pamaso pa oyesa mayeso. Kunena kuti ndikufuna kupanga gemu kumamveka ngati chibwana.

Mavuto ena ndi aja tonse tikuwadziwa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu 17.5 miliyoni, theka lawo osakwana zaka 18, koma nyumba zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuthima kwa magetsi kunafika poipa. Salima ili ndi munda waukulu wa sola wa mamegawati 60, umene kampani ya JCM Power inatsegula mu 2021, komabe mwini kanyumba ka magemu amakhala khutu lili kumagetsi, popeza akathima ndiye kuti malonda atha.

Laputopu yotha kunyamula ntchito yojambula ndi yodula, ndipo inadula kwambiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuti uike gemu pa Google Play uyenera kulipira madola 25 kamodzi. Pa Steam ndi madola 100 pa gemu iliyonse. Kwa munthu wa ku London ndi ndalama ya chakudya chamadzulo. Kwa wophunzira wa kuno, pamafunika khadi ya ku banki yotha kulipira kunja, m'dziko limene ndalama zakunja zimasowa ngakhale zogulira mafuta ndi mankhwala.

Zonsezi n'zoona, koma a ku Cameroon anakumana nazo zomwezi. Olivier Madiba ndi anzake a Kiro'o Games ku Yaoundé anagwira ntchito magetsi akuthimathima, ndalama akuchita kupempha kwa anthu ogula timagawo ta kampani yawo. Mu 2016 anatulutsa Aurion, nkhani ya mfumu ndi mfumukazi olandidwa ufumu pa tsiku la ukwati wawo, ndipo inagulitsidwa pa Steam padziko lonse. Ku Ghana ndi ku Kenya, Eyram Tawia ndi Wesley Kirinya anayambitsa Leti Arts mu 2009, nthawi imene intaneti ya kwawo inali yovuta kuposa yathu ya lero.

Kandege kasokoneza dzina

Pali chinthu china chimene chaipitsa mbiri ya magemu pamaso pa makolo, ndipo tisachibise.

Kandege.

Aviator, imene aliyense amaitcha kandege, imaoneka ngati gemu. Ili pa foni, ili ndi mitundu yowala, kandege kakukwera ndipo manambala akukwera nako. Koma ndi njuga. Palibe luso limene ungaphunzire kuti upambane mawa kuposa lero. Umaika ndalama kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, kandege n'kuthawa nazo. M'madera a usodzi, kumene mnyamata amatha kugwira ndalama zambiri m'mawa umodzi, mayesero ake ndi aakulu. Lamulo limaletsa ana osakwana zaka 18 kutchova njuga, koma foni siifunsa zaka munthu akabwereka ya mkulu wake.

Ndiye mayi akaona mwana wake ataweramira foni, sasiyanitsa. Kwa iye zonse ndi magemu, zonse n'zomaliza ndalama ndi nzeru.

Mayiyu sitingamunene. Nawonso aphunzitsi amene amadandaula kuti ana akuthawa m'kalasi kukakhala ku magemu akunena zoona, ndipo eni tinyumbati ayenera kubweza mwana wa yunifomu nthawi ya sukulu. Koma kuletsa kokha sikunathandizepo. Ana adzasewerabe. Chimene tingasinthe n'chakuti m'foni muja mukhalenso china chabwino, chathu, chimene kholo lingayang'ane n'kuzindikira mudzi wake.

Chichewa pa sikirini chimagwira

Umboni woti anthu amafuna chilankhulo chawo uli pakhomo loyandikana ndi kanyumba ka magemu. M'mavidiyo sho, filimu ya ku China kapena ku India imadzaza anthu ikakhala yomasuliridwa m'Chichewa, womasulira akuthira nthabwala zake, akupatsa akatswiri a karate mayina a pamudzi. Palibe unduna umene unalamula zimenezi. Anyamata anangoona kuti pali msika.

Umboni wina uli m'sukulu. Mu 2013, pa sukulu ya pulaimale ya Biwi ku Lilongwe, katswiri wa ku University of Nottingham, Nicola Pitchford, anayesa mapulogalamu a masamu a bungwe la onebillion pa matabuleti. Ana ankamva malangizo m'Chichewa, akudina, akukoka zinthu ndi chala, akulandira nyenyezi akakhoza. Zotsatira zinaonetsa kuti anaphunzira msanga kuposa anzawo. Ntchitoyi inakula mothandizana ndi VSO, ndipo mu 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti otchajidwa ndi sola m'sukulu zonse za pulaimale za boma, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Tanthauzo lake n'lakuti m'badwo wonse ukukula ukudziwa kuti sikirini imatha kulankhula Chichewa. Mapulogalamuwo ndi abwino, ndipo tiyamike amene anawabweretsa. Koma likulu la onebillion lili ku London. Ana amenewa akadzafika Sitandade 5 n'kufuna china chosewera m'chilankhulo chawo, payenera kudzakhala Mmalawi amene wachikonza.

Gemu yoyamba siyenera kukhala yaikulu. Ikhale yopepuka, yotha kuyenda pa foni yotchipa, yosafuna intaneti, yoti wobena nyimbo kumsika angaiike pa memori khadi. Ophunzira anayi, mmodzi wa mapulogalamu, mmodzi wojambula, mmodzi woimba, mmodzi wolemba nkhani, angaimalize m'teremu imodzi. Chaka chilichonse mu Januwale kumachitika Global Game Jam, imene inayamba mu 2009, pamene magulu padziko lonse amapanga gemu m'maola 48 okha. Chimene chimafunika ndi chipinda, magetsi odalirika kwa masiku awiri ndi nsima.

Ku Chipoka kuja, magetsi anayaka cha m'ma 8 koloko usiku uja. Mfuwu unamveka kuchokera kumsika, ndipo anyamata anathamanga kukalimbirana mabenchi. Kamnyamata kaja sikanathamange nawo. Kanadikira mpaka mkulu uja atadya njere zomaliza za mnzake, n'kugwedeza mutu ngati kakuti ndinaona kale, kenaka n'kumapita.

Kwa inu aphunzitsi a m'makoleji athu: wophunzira akadzabwera chaka chino n'kunena kuti pulojekiti yake ikhala gemu, musamubweze. Mufunseni malamulo ake, mumuuze ayambe pa pepala, ndipo mumupatse mnzake wa zojambula.

Kwa inu ophunzira: mukaimaliza, musakaionetse kwa oyesa mayeso okha. Kwerani minibasi ya ku Salima, mutsike pa Chipoka, mufunse kumene kuli magemu. Mukabwere Loweruka masana, foni itadzaza moto. Oyiyesa mukawapeza ali pa benchi.